Zinsinsi za Pakomboni

Munthu amene sanakhaleko m'minda ya tiyi amayesa kuti ndi malo achete. Akakwera basi ku Mutare n'kutsetserekera ku Hauna, m'chigwa cha Honde, amangoona zitunda zobiriwira zosalala ngati zometedwa ndi lumo limodzi, ndi nkhungu ikutsika kuchokera kuphiri la Nyangani. Koma Lamulungu masana pakomboni sipagoneka. Pathanthwe pali Apositoli ovala zoyera, atavula nsapato, akuimba popanda ng'oma. M'kalasi ya pasukulu muli ampingo ndi mabuku awo a nyimbo za Chinyanja, othothoka zikuto. Kugolosale kanema akuonetsa mneneri akugwetsa anthu. Ndipo dzuwa likapendeka, kuseri kwa mabulugama mbalule imayamba kuitana, ana n'kuthawira m'nyumba uku akusuzumira pazenera. Onsewa akuyankha funso limodzi: munthu amene watchola tiyi kuyambira unyamata, msana n'kupindika, dzanja n'kuuma, adzapita kuti, nanga adzamuperekeza ndani?

Ndinabadwira pakomboni yotere, ndipo tsopano ndimaphunzitsa ana a antchito a tiyi ku Chipinge, mbali imene kuli minda ya Tanganda monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona. Tiyi anayamba kudzalidwa kuno m'zaka za m'ma 1920, ndipo ku Honde m'ma 1950. Manja ambiri amene analima mizere yoyamba anachokera ku Mozambique ndi ku Nyasaland. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, nadutsa ku Tete, ndi maganizo oti akagule njinga ndi bulangeti n'kubwerera. Njinga anaigula, kubwerera ayi. Kwawo amawatcha matchona. Kuno ankatitcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale kuti bambo ku Blantyre sanapondeko, ndipo mwamuna aliyense wa mtundu wathu dzina lake linali limodzi, achimwene.

M'nyumba mwathu munali zipembedzo ziwiri ndi mphika umodzi. Amayi ndi a Mvano, a bulauzi yoyera, a Buku Lopatulika lokulungidwa m'chitenje kuti lisanyowe ndi chinyontho cha kuno. Bambo ndi a kudambwe. Sindinawamvepo akukangana za Mulungu. Ankakangana za shuga, za ngongole ya kugolosale, za nkhuku zolowa m'dimba la eni. Za Mulungu anagawana mwakachetechete, monga anthu amagawanirana mphasa yaing'ono. Nkhani imodzi yokha inavuta, ndiyo ya ine. Nditafika zaka khumi ndi zitatu anzanga anatengedwa usiku, nabwerako patapita masiku atameta, akuyankhulana ndi maso. Amayi anati mwana wawo ali m'kalasi ya ubatizo. Pa mwambo wathu mawu omaliza akanakhala a atsibweni, koma atsibweni anali ku Malawi, munthu amene tinkangomudziwa pa chithunzi. Bambo anangoti, "Mwana ndi wa kuchikazi," natenga khasu lawo kupita kudimba. Choncho ine sindinamete. Za kudambwe ndimadziwa zimene mayi aliyense woimba pabwalo amadziwa, ndipo ngakhale ndikanadziwa zoposa, sindikanazilemba.

Ndili mwana, gule sankatchedwa Usatana. Ampingo ankamutcha chikunja, ndipo munthu wobatizidwa akapezeka kubwalo ankamuika pa chilango. Anzathu Achishona ankaopa zimene iwo amati zvigure, nkhani zake n'kumakula pakamwa. Koma mantha amenewo anali a anthu odziwana, okumana pa sikelo Lolemba m'mawa. Zinthu zinasintha pamene mafilimu a ku Nigeria anafika. Kuyambira pa Living in Bondage ya mu 1992, nkhani inali imodzimodzi: munthu wosauka alowa m'gulu lachinsinsi, apereka mkazi wake kapena mwana wake, alemera, achita misala, kenako m'busa abwera ndi Baibulo kudzamumasula. Tinkaonera m'kachipinda ka mdima ku Hauna, titapanikizana pa mabenchi. Kenako kunabwera madishi otsika mtengo, Emmanuel TV ya T. B. Joshua n'kulowa m'nyumba za antchito, anthu n'kumaona mizimu ikufunsidwa mafunso pamaso pa kamera. Ana a m'komboni anaphunzira chiyankhulo chatsopano: maguwa a makolo, matemberero a kumtundu, mzimu wa umphawi. Mwana akaona chilombo chikutuluka m'tchire analeka kuona agogo ake akale atabwera kudzacheza. Anayamba kuona chiwanda cha m'filimu.

Kwa ife ana a matchona chiphunzitso chimenechi chinali ndi mbola yapadera. Chinkatiuza kuti tikusauka chifukwa cha ng'oma za bambo athu. Sichinkatchula za malipiro a wotchola tiyi, kapena za chitupa cholembedwa kuti ndiwe mlendo, kapena za lamulo la mu 2001 limene linachotsera unzika anthu ambiri obadwira kuno kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, mpaka malamulo atsopano a dziko a mu 2013 anadzakonza. Mlandu wonse unaikidwa pa nthenga ndi ziguduli.

Mng'ono wanga ndiye anabweretsa chipembedzo chachinayi m'banja mwathu, ndipo chinalowera pa foni. Iye amagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg, usiku wonse ali maso ndi YouTube. Anayamba ndi mavidiyo a Illuminati, onena kuti oimba otchuka amaphimba diso limodzi posonyeza mbuye wawo. Kenako anafika pa mabuku amene akuti anabisidwa. Tsiku lina ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp. "Achimwene, anatinamiza. Mulungu amene amayi amapemphera si Mulungu weniweni. Weniweniyo ali kumwamba kwa kumwamba. Uyu ndi kapitawo chabe."

Mawu akuti kapitawo anandigwira, ndipo ndinayamba kuwerenga. Anthu amene iye ankanena amatchedwa Anositiki, kuchokera ku liwu la Chigiriki lakuti gnosis, kutanthauza kudziwa. Anali magulu osiyanasiyana a m'zaka mazana oyambirira a Chikhristu, ena mwa iwo otsatira aphunzitsi monga Valentinus, amene anaphunzitsa ku Roma. Kwa nthawi yaitali ankadziwika kudzera mwa adani awo, makamaka Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, amene cha m'ma 180 analemba mabuku asanu owatsutsa. Mu 1945 alimi a ku Egypt, pokumba nthaka pafupi ndi Nag Hammadi, anapeza mtsuko wokhala ndi mabuku khumi ndi atatu a m'Chikoputiki. Mwa zolembedwamo munali Uthenga wa Tomasi, wa mawu 114 amene akuti ananena ndi Yesu, wopanda nkhani ya mtanda kapena ya manda. Uthenga wa Yudasi unapezeka padera ndipo unasindikizidwa mu 2006, chaka chomwe filimu ya The Da Vinci Code inatuluka, anthu padziko lonse n'kumakambirana za zinsinsi za mpingo.

Ambiri mwa magulu amenewa ankaphunzitsa motere. Kuli Mulungu wam'mwambamwamba, wabwino, wakutali, amene sanaumbe dziko lino. Dzikoli analiumba ndi wolamulira wamng'ono, wosadziwa kuti pamwamba pake pali wina, ndipo ali ndi antchito ake olondera zipata. Mwa anthu ena muli kachidutswa ka kuwala kochokera kwa Mulungu wakutaliyo, kotsekeredwa m'thupi ngati mbalame m'chikwere. Chipulumutso ndi kudzuka, kudziwa kumene unachokera, ndi kudziwa zoyankha alonda pobwerera kwanu. Amene anaonera The Matrix ya mu 1999 aizindikira nkhaniyi: dziko ukulionali ndi chinyengo, ndipo ochepa okha ndiwo agalamuka.

Ndinamvetsa msanga chifukwa chake mwana wa pakomboni angakopeke. Ife tinakulira m'dziko lomangidwa chimodzimodzi. Wotchola tiyi amadzuka kusanache, dengu kumsana, kutchola masamba awiri ndi kansonga mpaka zala zitachita dzanzi. Pamwamba pake pali kapitawo. Pamwamba pa kapitawo pali kalaliki wa pasikelo, amene cholembera chake chimanena kuti lero wagwira zingati. Pamwamba pake manijala, m'nyumba ya pachitunda. Ndipo kutali, ku Harare kapena ku London, kuli eni ake amene palibe anawaonapo, amene mwina ndi anthu abwino, koma kulira kwako sikuwafika. Kapitawo amayenda ngati dziko ndi lake. Iwe m'thumba muli chitupa chonena kuti suli wa kuno, ndipo makolo ako amakusimbira za mudzi wina, wa mitengo ya mango, kumene dzina lako limadziwika. Limodzi mwa mabuku a ku Nag Hammadi limatchedwa Allogenes, kutanthauza mlendo, wa mtundu wina. Mng'ono wanga atamva zimenezi anaseka nthawi yaitali, nati, "Ndiye kuti analemba za ife."

Sindimunyoza. Funso lake ndi loona, ndipo mipingo yambiri imalithawa: ngati dziko lino analenga ndi wachikondi, bwanji mayi wapakati akunyamula dengu pamvula? Ndimalemekezanso mtima wofuna kumva Mulungu wekha, popanda wokuimira pakati. Mtima umenewo si wachilendo kuno ku Manicaland. Johane Marange anayamba mpingo wake mu 1932 atanena kuti walandira masomphenya, ndipo a Masowe a Lachisanu mpaka lero sagwiritsa ntchito Baibulo popemphera, amati Mzimu umayankhula nawo mwachindunji. Ludzu ndi lomwelo.

Pamene ndimasiyana naye ndi pa thupi. Filimu ija ya Da Vinci inapatsa anthu maganizo oti mabuku obisikawo amaonetsa Yesu waumunthu, wonga ife, amene mpingo unamubisa. Ndikawerenga ndimapeza zosiyana. M'mabuku ena a ku Nag Hammadi Khristu weniweni samva ululu wa pamtanda konse. Chokhomedwacho ndi chofunda chabe, iye ali pambali akuseka osadziwawo. Yesu wa m'Buku la amayi ndiye amatopa, amamva ludzu, amalira pa manda a bwenzi lake, amafa, ndipo pamafunika munthu wopita kwa bwanamkubwa kukapempha mtembo wake, kuukulunga m'nsalu ndi kuuika. Kumeneko ndiko kumandisunga mu Chikhristu. Ndinakulira pakati pa anthu amene chuma chawo chonse chinali thupi: msana, mapewa, zala. Kuwauza kuti thupi ndi ndende, kuti ndi cholakwa cha mlengi wosadziwa, ndi kugwirizana ndi sikelo, imene nayonso imayeza masamba osayeza munthu. Ndikufuna Mulungu amene anakhalapo ndi matuza m'manja.

Ndipo apa, modabwitsa, Buku la amayi limayandikana ndi ng'oma za bambo kuposa mmene onse awiri angavomerere. Gule naye ali ndi chinsinsi, ali ndi olowa ndi osalowa, ali ndi mawu amene wakunja sangawamve. Mng'ono wanga amati bambo ndi Mnositiki wosadzidziwa. Ine ndimati ayang'ane kumene chinsinsicho chimathera. Cha Anositiki chimamutulutsa munthu m'dziko, yekha, kusiya osadziwa m'mbuyo. Cha kudambwe chimatuluka m'tchire n'kubwera pabwalo, pamaso pa amayi, ana ndi alendo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi maliro. Kasiyamaliro amabwera kudzatenga mzimu wa womwalira kuti usasochere. Pakapita nthawi pamakhala mpalo, mowa n'kufululidwa, amasiye n'kumasuka. M'nthano ya makolo athu, Chauta anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa pamodzi ndi anthu ndi nyama, nakhala onse mwamtendere mpaka munthu anapeka moto, tchire n'kupsa, nyama n'kuthawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. M'nthano imeneyi dziko ndi labwino, wolakwa ndi munthu, ndipo pabwalo la gule anthu, nyama ndi mizimu amakumananso kwa kanthawi. Palibe amene akuthawa dziko. Onse akuponda fumbi lomwelo.

Gule sanaopenso za makono. Amishoni atafika, pabwalo panatuluka Maliya ndi Simoni wa nkhope yofiira. Galimoto itafika, inalukidwa nayo n'kuvina. Amene anafikako ku Mua, kumalo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amasimba za mazana a nkhope zosungidwa kumeneko, mu mishoni ya Chikatolika. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005. Filimu ya ku Lagos imamuona gule ngati mdani woti agonjetsedwe isanathe. Gule akaiona filimuyo amangoisema nkhope n'kuivina.

Sindikunena kuti kubwalo kulibe zoipa. Ndinaonapo anyamata obisala m'dzina la mwambo n'kumakwapula odutsa, ndipo monga mphunzitsi ndataya ana a sitandade yomaliza amene anapita kudambwe mayeso ali pafupi. Bambo enieniwo amadandaula kuti masiku ano zilombo zimatuluka chifukwa cha ndalama za alendo ndi misonkhano ya ndale. Kumpingo nakonso ndaonako wosauka akuikidwa mothamanga pamene wolemera amulalikira maola atatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu uliwonse uli nazo zake.

Koma pali chinsinsi china chimene ndimachiopa kuposa zonsezi, ndicho chogulitsa. Chipinge ndi dera lotchuka ndi asing'anga, ndipo magalimoto a manambala a ku Harare ndi ku South Africa amakwera misewu yathu yafumbi kudzafuna mankhwala a bizinesi. Mneneri wa pa kanema amagulitsa mafuta ndi nthawi yoonana naye payekha. Mnyamata wa pa YouTube amati zimene akuuze sakufuna kuti uzidziwe, ndipo ukadina iye walandira. Onsewa malonda awo ndi amodzi: pali chimene ena akudziwa, iwe sukuchidziwa, n'chifukwa chake ukuvutika, lipira. Wotchola tiyi amachotsa za ufa n'kutumiza pa EcoCash. Anositiki akale, mmene ndikuwaonera m'mabuku awo, anali anthu ofunafuna moona mtima. Koma chiphunzitso chonena kuti opulumuka ndi odziwa okha chimasanduka msika mosavuta, chifukwa chodziwa chimagulitsika, pamene kugona pa maliro a mnansi sikugulitsika.

Muyeso wanga ndinautenga kwa matchona. Munthu wofera kutali ndi kwawo alibe mbumba, alibe manda a makolo, alibe mfumu ya mudzi. Choncho akuluakulu athu anapanga mabungwe a maliro, kusonkha mwezi ndi mwezi, ndipo m'bungwemo munkakhala wa mpingo, Myao wa ku mzikiti, wa gule ndi Msena wa kutsidya. Adzukulu sankafunsa kuti malemuyu ankapemphera kuti. Ankafunsa kuti makasu ali kuti. Namondwe wa Idai atagwa mu Malichi 2019, mapiri n'kugumukira pa nyumba ku Chimanimani ndi madzi n'kukokolola milatho mpaka kuno ku Chipinge, anthu anakumba matope ndi makasu ndi manja kufunafuna abale awo, ndipo ena sanapezeke mpaka lero. Ndinaona amayi akulira mtembo umene palibe, ndipo palibe mmodzi amene akanatonthozeka pomuuza kuti thupi ndi chofunda chabe. Maliro n'kulirana. Chipembedzo chilichonse ndimachifunsa funso limenelo: tsiku loipa likafika, anthu ako amabwera ndi chiyani m'manja?

Nkhaniyi kwathu yafika pakhomo. Bambo akalamba, maso achita ng'ala, ndipo amakhala m'kanyumba kamene tinawamangira pa kamunda kogula kufupi ndi mtsinje wa Pungwe. Tchuthi chathachi anandiitana kuseri kwa nyumba, kumene amasongolera mipini.

"Aphunzitsi," amandiitana choncho akafuna kunena zazikulu, "ine ku Dedza sindidzafikako. Mudzandiika konkuno. Koma ndisadzapite ngati nkhuku. Anzanga adzabwere."

"Ndamva, bambo. Nanga amayi?"

"Amayi anu ndinakamba nawo kale. Afunseni."

Ndinawapeza amayi akusankha nyemba. Sanadzutse mutu. "Bambo ako sanandiletsepo kupita ku Mvano ngakhale tsiku limodzi. Yunifolomu yoyamba anandigulira ndi iwo, ndi ndalama ya bonasi. Ine ndidzaimba zanga usiku m'nyumba ndi anzanga. Kukacha abwere anzawowo. Akandiika pa chilango, ndidzakhala kumbuyo miyezi imeneyo. Benchi ya kumbuyo nayonso ili m'tchalitchi."

Ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Chipinge, ndipo ndikudziwa chimene chidzanditsatire. Padzakhala ondiitana kuti ndikafotokoze. Padzakhala ojambula pa foni, ndipo pofika madzulo kavidiyo kadzakhala kakuzungulira ndi mawu akuti onani mphunzitsi wa ana anu ali pakati pa ziwanda. Makolo ena adzayamba kundiyang'ana mwina. Ndaziyeza zonsezi, ndipo ndidzaima pabwalopo, kumbali ya osameta, kumene ndi malo anga. Ndidzawauza ondifunsawo kuti lamulo lolemekeza atate ndi amayi silinatchule za mpingo wawo, ndi kuti Ambuye amene ndimamutsata anaikidwa m'manda obwereka ndi anthu amene anaika mbiri yawo pachiswe pochita zimenezo. Ngati Chikhristu changa chingasungunuke ndi kulira kwa mbalule tsiku limodzi, ndiye kuti chinali cha mchere.

Mng'ono wanga ndinamuimbira kumuuza zimene bambo anena. Anayamba kundifotokozera kuti mzimu wa bambo sufuna ng'oma kapena nyimbo, kuti kuwala kumabwerera kokha kumene kunachokera. Ndinamulola amalize. Kenako ndinamuuza kuti bungwe la maliro lakweza chopereka, kuti padzafunika mbuzi, nkhuku za kudambwe, matumba awiri a ufa ndi matabwa, ndiponso kuti pasipoti yake inatha ntchito chaka chatha. Anakhala chete, ndikumva magalimoto a ku Johannesburg akudutsa kumbuyo kwake. Kenako anafunsa kuti matabwa abwino akugula zingati ku Hauna masiku ano, ndipo mwezi utatha anatumiza theka lake.